Mmene maginito ndi magetsi amaululira dzimbiri mu paipi osaidula

Paipi yachitsulo ikamadyeka ndi dzimbiri siilira ayi, imangokhala phee, kunja penti ili bwinobwino pomwe khoma lake likupyapyala tsiku ndi tsiku, kenako mumangomva kuti yaphulika. Pa 19 August 2000 kufupi ndi Carlsbad ku New Mexico, m'dziko la America, paipi ya gasi ya mainchesi 30 yomwe inaikidwa mu 1950 inaphulika m'mamawa n'kupha anthu 12 omwe anamanga msasa m'mbali mwa mtsinje wa Pecos. Ofufuza a NTSB, bungwe la boma la America lofufuza ngozi, atayang'ana zidutswa zake anapeza kuti dzimbiri linaidya kuchokera mkati, cha pansi pomwe madzi ankadikha. Nkhani imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikaikumbukira chifukwa dzimbiri silidya khoma usiku umodzi, limatenga zaka, ndiye kuti nthawi yoti munthu alipeze inalipo yambiri.

Vuto ndi loti paipi simungamaidule kuti musuzumire mkati. Ina ili pansi pa nthaka makilomita mazanamazana, ina yakutidwa ndi insulation, chofunda chosunga kutentha, mu fakitale, ina ili pansi pa nyanja, ndipo zonsezi zikugwira ntchito moti kungoimitsa tsiku limodzi ndi nkhani yaikulu. Nde pamafunika kuyeza kosaononga chinthucho, komwe pa ntchito amangoti NDT, ndipo gulu limodzi la njira zimenezi limadalira maginito ndi magetsi basi.

Choyamba chomwe ndikufuna mugwire, chifukwa zonse zotsatirazi zaima pamenepa: zida zimenezi sizionadi dzimbiri. Zimaona pomwe chitsulo chasowa. Chitsulo chikakumana ndi madzi komanso okosijeni, kapena madzi osakanikirana ndi mipweya ya CO2 kapena H2S mmene zimakhalira m'mapaipi a mafuta ndi gasi, pena mpaka tizilombo ta bakiteriya kuthandizira, chimasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka nyenyeswa zofiirira zija. Nyenyeswazo sizinyamula magetsi kapena mphamvu ya maginito ngati chitsulo chenicheni, choncho kwa makina malo odyekawo ali ngati dzenje. Makina amangomva kuti pano mphamvu yanga yasokonezeka, ndipo munthu ndi amene amamasulira kuti kusokonezekako kukutanthauza chani.

Chiyambi chake ndi Michael Faraday yemwe mu 1831 anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasintha pafupi ndi waya, mu wayamo mumabadwa magetsi. Tsopano m'malo mwa waya ikanipo chitsulo chathunthu. Mukatenga koilo, kutanthauza waya wokulungizidwa kambirimbiri, n'kupititsamo magetsi osinthasintha mbali aja a AC, koiloyo imapanga mphamvu ya maginito yosinthasinthanso, ndipo mukaiyandikiza pa chitsulo, mkati mwa chitsulomo mumabadwa timagetsi tozungulirazungulira ngati madzi a mumtsinje akamazungulira kuseri kwa mwala. Timeneti ndi tomwe amati eddy current, ena amati magetsi a Foucault polemekeza Léon Foucault yemwe anatifufuza mu 1855. Timagetsiti natonso timapanga kamphamvu kawo ka maginito kolimbana ndi ka koilo, ndiye koilo imamva kukankhidwako. Pakakhala mng'alu kapena dzenje, timagetsito timalambalala, kukankhako kumasintha, pa sikirini siginolo imadumpha. David Hughes anayesa kale kusiyanitsa zitsulo ndi nzeru imeneyi mu 1879, koma amene anaisandutsa zida zenizeni za m'mafakitale ndi Friedrich Förster wa ku Germany yemwe anatsegula kampani yake mu 1948.

Pa timachubu ta kopa kapena ta zitsulo zosakoka maginito njira imeneyi imagwira bwino kwambiri. Koma pa paipi wamba ya carbon steel, chitsulo chokoka maginito chija, apa nde pamayambira mutu. Timagetsi tija sitilowa mkati mofanana, timaunjikana pamwamba n'kumafooka mukamalowa pansi, ndipo kuya komwe mphamvu yake imatsala 37 peresenti yokha ndi komwe amati skin depth. Kuya kumeneku kumachepa frequency ikakwera, kutanthauza maulendo omwe magetsi amasintha mbali pa sekondi (amawerengedwa mu Hz), kumachepanso chitsulo chikakhala chonyamula magetsi kwambiri, ndipo kumachepanso chikakhala chokoka maginito. Pa 50 Hz kopa amalola timagetsiti kulowa mamilimita pafupifupi 9, koma carbon steel pa frequency yomweyo imalola mwina milimita imodzi mpaka atatu kutengera mtundu wake, ndipo mukakweza mpaka 100 kHz ndiye simufika olo pa gawo limodzi la magawo khumi a milimita. Paipi yake khoma lili mamilimita 10 kapena 12. Ndiye kuti koilo wamba ili kunja siingamve dzenje lomwe lili mkati, ikungopapasa khungu basi. Komanso kukoka maginito kwa chitsulochi sikofanana paliponse, pomwe anawotcherera ndi pomwe anapinda pamasiyana, moti phokoso lokhalokha limaphimba siginolo yomwe mukuifuna.

Chomwe chimandisangalatsa n'choti khalidwe lomweli lokoka maginito, lomwe lapha njira yoyambayi, ndi lomwe linabala njira yomwe ikugwiritsidwa ntchito kwambiri pa mapaipi ataliatali, ya magnetic flux leakage, mwachidule MFL.

Ganizirani chonchi. Mphamvu ya maginito imakonda kuyenda mu chitsulo kuposa mu mpweya, kwambirinso. Mukagunditsa mbali ziwiri za maginito amphamvu pa khoma la paipi, mphamvuyo imalowa mbali imodzi, kuyenda mkati mwa khomalo, kukatulukira mbali inayo. Koma khoma lili ndi malire a zomwe linganyamule, cha m'ma tesla 1.6 mpaka 2 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito) limakhala lakhuta. Nde mumalikhutitsa dala mpaka pakhosi. Pomwe khoma lili lathunthu mphamvuyo imakwanamo ndithu, koma ikafika pomwe dzimbiri ladya theka, njira yachepa, siingakwanemo yonse, ina imasefukira kunja kwa khoma n'kubwereranso ikadutsa podyekapo, ngati mmene madzi amasefukira mu ngalande yodzadza ikafika popanikizika. Pakati pa mbali ziwiri za maginito zija amaikapo masensa a Hall, dzina lochokera kwa Edwin Hall yemwe anatulukira nzeru yake mu 1879, ndipo amenewa ndi amene amamva kusefukirako. Chabwino chake kusefukiraku kumachitika mbali zonse ziwiri za khoma, ndiye sensa ili mkati mwa paipi imamva dzenje la kunja lomwe. Koma mawu oti kukhutitsa ndi ofunika zedi, chifukwa khoma likapanda kukhuta mphamvu yotsalayo imangodzipanikiza mu chitsulo chotsalacho osatulukira kunja, sensa osamva kanthu, lipoti n'kutuluka loyera pomwe paipi ili yodyeka. N'chifukwa chake khoma lochindikala kwambiri limavutitsa MFL, ndipo kubwera kwa maginito a neodymium m'ma 1980 kunathandiza kwabasi.

Zida zonsezi amazimanga pa chimakina chomwe chimalowa mu paipi momwemo, dzina lake pig, ndipo yoyeza amaiti smart pig. Kampani ya Tuboscope ndi yomwe inayamba kuchita malonda oyeza mapaipi mwanjira imeneyi m'ma 1960, kenako British Gas inadzakonza zina zoona bwino kwambiri. Pig imalowetsedwa pa launcher, chipata cholowetsera pig mu paipi, imakankhidwa ndi gasi kapena mafuta omwewo omwe paipi ikunyamula, kutsogolo kuli makapu a labala ogwira kukankhako, pakati maginito ndi mabulashi achitsulo okhudza khoma, masensa mazana atazungulira mkombero wonse, kumbuyo mabatire ndi posungira data, komanso timawilo towerengera mtunda. Timawilo pena timaterereka nde sangadalire tokha, amawerenganso powotcherera paliponse pomwe mapaipi analumikizana chifukwa pamenepo siginolo imaoneka bwinobwino, ndipo pamwamba pa nthaka amaika zida m'malo odziwika zomwe zimalemba nthawi yomwe pig yadutsa. Asanaitumize amayamba atumiza ma pig otsuka, kenako ina yokhala ndi mbale yofewa ya aluminiyamu yongoona ngati njira ili yotseguka, chifukwa pig yoyeza ikakakamira pakati pa paipi pansi pa nthaka ndiye kuti mukumba ndi kudula komwe mumathawa kuja.

Liwiro nalo lili ndi nkhani yake. MFL imafuna kuyenda mamita ochepa pa sekondi, cha m'ma 1 mpaka 4, ndipo ikathamanga kwambiri maginito oyendawo amabala timagetsi ta eddy current mu khomamo tomwe timatsekereza mphamvu kuti isalowe mpaka kunja, khoma osakhuta, vuto lija labweranso. M'mapaipi a gasi zimavuta chifukwa gasi amapanikizika, pig ikaima pokhota puresha imaunjikana kumbuyo kenako imafwamphuka ngati chipolopolo, ndiye zina amaziikira vavu yodutsitsa gasi pakati kuti liwiro likhale lofanana.

Nanga amadziwa bwanji kuti dzenje lili mkati kapena kunja, poti MFL imamva zonse mofanana? Amawonjezera timasensa tina, kawirikawiri timakoilo ta eddy current tija tongopapasa khungu. Ngati MFL yamva ndipo kakoilo nakonso kamva, dzenje lili mkati. Ngati MFL yamva koma kakoilo kali chete, lili kunja. Kufooka komwe kuja kwasanduka phindu. Ndipo kusiyanitsaku sikongofuna kudziwa chabe ayi, dzimbiri la kunja likutanthauza kuti chokutira paipi chang'ambika kapena cathodic protection, chitetezo cha magetsi choletsa paipi kudyeka, siikugwira bwino, la mkati likutanthauza kuti muli madzi odikha kapena mankhwala oletsa dzimbiri sakukwana, mankhwala a matenda awiriwa ndi osiyana.

Tsopano pomwe MFL ili yakhungu, ndipo apa ndikupempha muwerenge mofatsa. Mphamvu imasefukira ikakumana ndi chotchinga chopingasa njira yake. Pig wamba imayendetsa mphamvu motsata utali wa paipi, ndiye dzenje lozungulira kapena lopingasa limaoneka bwino, koma kangalande kopyapyala kotsata utali wa paipi, monga dzimbiri lodya motsata msoko wowotcherera, mphamvu imangokalambalala mbali ndi mbali osasefukira kwenikweni. Choopsa n'choti chilema chotsata utali ndi chomwe chimang'ambitsa paipi, chifukwa puresha ya mkati imakoka khoma mozungulira kuwirikiza kawiri mmene imalikokera mu utali. Ndiye chomwe makina sachiona bwino ndi chomwenso chili choopsa kwambiri. Anapanga ma pig ena oyendetsa mphamvu mozungulira paipi kapena mopendekera kuti agwire zimenezi, koma mwini paipi ayenera kudziwa kaye matenda omwe akuwasaka asanasankhe chida. Ming'alu yothinana nayo MFL siimva bwino chifukwa palibe chitsulo chambiri chomwe chasowa, pamenepo amatumiza pig ya mtundu wina yotchedwa EMAT, yomwe imagwiritsa ntchito maginito ndi koilo kubala mafunde a ultrasound, phokoso lomwe khutu silingamve, mu chitsulo momwemo popanda kufuna madzi pakati, n'chifukwa chake imakwanira m'mapaipi a gasi.

Si paipi iliyonse yomwe pig ingadutsemo. Zina zili ndi pokhota pothina, zina zimasintha kukula pakati, zina zilibe polowetsera n'komwe, ndipo gawo lomwe linaphulika ku Carlsbad lija linali limodzi mwa malo omwe pig sinkadutsamo. Pa timachubu tachitsulo ta ma boiler ndi ma heat exchanger (zida zosinthanitsira kutentha), komanso mapaipi ena a madzi okutidwa ndi simenti mkati, amagwiritsa ntchito remote field testing, RFT, yomwe patent yake inatuluka mu 1951 m'dzina la W.R. MacLean ndipo Thomas Schmidt wa ku kampani ya mafuta ya Shell anaikulitsa poyeza mapaipi a m'zitsime za mafuta. Nzeru yake ndi yodabwitsa. Mumalowetsa makoilo awiri mu paipi, yotumiza ndi yolandira, koma mumazitalikitsa mtunda wokwana kukula kwa paipiyo kawiri kapena katatu, frequency n'kuitsitsa kwambiri. Mphamvu yoyenda molunjika mkati mwa paipi imafa msanga isanafike kwa yolandira. Koma pali ina yomwe imaboola khoma kutulukira kunja, kuyenda motsata paipi kunjako komwe siifa msanga, kenako kuboolanso khoma kubwerera mkati, ndipo yolandira imamva imeneyi. Yadutsa khoma kawiri, ndipo podutsa paliponse imachedwa ndi kufooka molingana ndi kuchindikala kwa khomalo, ndiye pomwe lapyapyala siginolo imafika msanga komanso yamphamvu. Siifuna kugunda khoma, koma imayenda pang'onopang'ono, siisiyanitsa mkati ndi kunja, timaenje ting'onoting'ono imatiphonya, ndipo pomwe chubu chadutsa mu chitsulo chochigwiriziza siginolo imasokonezeka, pomwenso dzimbiri limakonda kukhala.

Koma mdani yemwe amasowetsa tulo anthu a m'mafakitale oyenga mafuta ndi dzimbiri la pansi pa insulation, CUI. Paipi yotentha amaikuta ndi chofunda chochindikala kenako kunja chipepala cha aluminiyamu kapena stainless steel, mvula imalowera pa kampata kakang'ono, chofundacho chimamwa madzi n'kuwasunga atagunda chitsulo miyezi ndi miyezi, kunja kukuwala mbee. Pa carbon steel zimenezi zimachitika pakati pa -12 ndi 175 digiri Celsius, makamaka pa mapaipi omwe amatentha n'kuzizira mobwerezabwereza. Kuvundukula insulation yonse kuti muone ndi ntchito yodula komanso yochedwa. Apa ndi pomwe pulsed eddy current, PEC, imalowera. Chida amangochikhazika pamwamba pa chipepalacho, chimatumiza magetsi osasintha kwa kanthawi mpaka khoma la paipi lilandire mphamvu ya maginito, kenako chimazimitsa mwadzidzidzi. Kuzimitsako kumabala timagetsi pamwamba pa khoma, timayamba kulowa pansi pang'onopang'ono, tikafika mbali ina ya khoma timafa msanga. Chida chimangomvetsera kuti tafa liti. Nthawiyo imayenda ndi kuchindikala kuchulukitsa ndi kuchindikala komweko, kutanthauza kuti khoma likatsala theka nthawi imatsala kota, ndiye kusiyana kumaoneka bwino.

Koma PEC imapereka avereji ya dera lonse lomwe mphamvu yake yagwera, ndipo dera limenelo limakula insulation ikamachindikala. Tiyerekeze kuti ndi bwalo la masentimita 10 m'mimba mwake, ndipo pakati pake pali kadzenje ka sentimita imodzi komwe katsala pang'ono kuboola. Kadzenjeko ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a bwalolo, ndiye chida chinena kuti khoma lili pafupifupi lathunthu, mawa lake paipi n'kuyamba kudontha. Chidacho sichinaname ayi, chayankha funso lomwe chimatha kuyankha. Ntchito yake ndi kusesa malo ambiri mwachangu n'kukulozerani poti muvundukule, ndipo manambala ake amayerekezedwa ndi malo ena a paipi yomweyo omwe mwawatenga ngati abwino, nde ngati malo amenewonso ndi odyeka zonse zatsetsereka limodzi. Chipepala cha kunja chikakhala cha malata okoka maginito zimavutanso kwambiri.

Lipoti likafika pa desiki ya injiniya, funso limakhala loti tikumbe pati. Manambala a MFL sabwera okha, amabwera ndi malire, ndipo pa dzimbiri wamba opanga zida amakonda kulonjeza kuti kuya kwa dzenje alondola mosaphonya kupitilira 10 peresenti ya khoma, maulendo 8 mwa 10 alionse. Tengani khoma la mamilimita 10, lipoti lati ladyeka 50 peresenti, ndiye kuti chotsala chili pakati pa mamilimita 4 ndi 6, ndipo maulendo awiri mwa khumi chikhoza kukhala kunja kwa malire amenewo. Njira yowerengera yomwe mainjiniya amaitcha ASME B31G imatenga kuya ndi utali wa podyekapo n'kupereka puresha yomwe paipi ingapilire, ndipo dzenje likapitilira 80 peresenti siilolanso zowerengera, mumakonza basi. Ndiye lipoti likati 70, munthu wanzeru saona 70 yekha, amaona kuti mwina ndi 80. Chimodzimodzi poyeza kawiri kuti mudziwe liwiro la dzimbiri: chaka china 30 peresenti, patapita zaka 5 yafika 40, mwina lakuladi milimita imodzi, mwina silinakule n'komwe koma ndi kuphonya kwa zida ziwirizo, n'chifukwa chake odziwa ntchito amafananiza masiginolo enieniwo osati manambala a mu tebulo okha. Pachifukwa chomwechi owerenga masiginolo amayenera kukhala ophunzitsidwa ndi kuyesedwa mayeso, ndondomeko ya ISO 9712 ili ndi ma level atatu a anthu a NDT, ndipo ndondomeko ya API 1163 imafotokoza mmene ntchito ya ma pig oyeza iyenera kutsimikizidwira.

Ine chomwe chimandikwiyitsa ndi pomwe zida zilipo koma osazitumiza. Mu March 2006 ku Prudhoe Bay ku Alaska, kabowo kakang'ono ka dzimbiri pa paipi ya kampani ya mafuta ya BP kanatayitsa malita a mafuta pafupifupi 800,000, ndipo zinadzadziwika kuti panali patapita zaka zambiri smart pig isanadutsemo, matope anali ataunjikana pansi pa paipi, madzi ndi tizilombo zikudya chitsulo kunsi kwa matopewo. Kuyeza malo apo ndi apo kuchokera kunja sikunagwire kabowoko, pajatu timaenje ta mtundu umenewu timakhala pomwe tafuna tokha osati pomwe munthu wasankha kuyeza.

Pomaliza pake pamafika fosholo ndithu. Amasankha malo angapo mu lipoti, oopsa kwambiri komanso ena apakatikati ongofuna kuyesa chidacho, amakumba, kusenda chokutira, kutsuka chitsulo mpaka chiwale, kenako kuyeza dzenje lenilenilo ndi ultrasound kapena laser n'kufananiza ndi zomwe pig inanena. Zikagwirizana, lipoti lonse mumalikhulupirira. Zikapezeka kuti pig imachepetsa kuya paliponse, data yonse imabwerera kwa oiwerenga kuti aunikenso, ndipo mndandanda wa pokumba umatalika. Ndipo wowotcherera yemwe abwere kudzakonza auzidwiretu kuti mwadutsa MFL, chifukwa paipi imatsala ndi mphamvu ya maginito yomwe imakankhira moto wa welding pambali, moti pena amayenera kuichotsa kaye mphamvuyo asanayatse makina ake.